Ubuntu kapena Linux Mint: iti yomwe singakudyereni bandulo?

Chichokereni pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inasiya kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10, funso pa boma pano ndi limodzi: laputopu ija anatumiza achimwene kuchokera ku Joni, yomwe Windows 11 ikuikana poti ilibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, tiikemo Linux iti m'malo mwa Windows? Otchuka ndi awiri, Ubuntu 24.04 ndi Linux Mint 22. Onse ndi aulere, onse adzalandira ma update mpaka 2029, ndipo Mint 22 anaimanga pamwamba pa Ubuntu 24.04 yomweyo. Injini ndi imodzi. Kusiyana kumaonekera m'thumba.

Fayilo ya ISO (fayilo yomwe mumatsitsa kuti muike sisitimu mu kompyuta) ya Ubuntu ndi pafupifupi 6 GB, pomwe ya Mint siyifika 3 GB. Pa netiweki ya ku Makanjira kapena Namwera, 6 GB ndi ulendo wa usiku wonse, ndipo ikadukira panjira mwataya ndalama. Mukapanga download, yerekezani nambala ya SHA256, yotsimikizira kuti fayilo yafika yonse, ndi yomwe ili pa webusaiti yawo musanailembe pa fulashi, chifukwa ISO yoduka imayamba bwinobwino kenako nkuima pakati, disiki itafufutidwa kale.

Koma chilonda chenicheni cha Ubuntu ndi snap, njira yake ina yoikira mapulogalamu. Mapulogalamu ena, kuphatikiza Firefox, amabwera m'njira imeneyi, ndipo snap imadzifufuzira yokha ma update kanayi pa tsiku, nkuwatsitsa osakufunsani. Snap iliyonse imayenda ndi katundu wake, kapena imadalira snap zina zikuluzikulu, ndiye update imodzi itha kukhala ma MB mazana. Munthu walumikiza MiFi kuti atumize imelo imodzi, kuyang'ana balansi, bandulo yapita. Sakuona chilichonse chikuyenda pa sikirini, ndiye amayamba kunyoza kampani ya foni pomwe wakuba ali m'nyumba momwemo.

Mankhwala alipo, koma woyamba kumene angawadziwe bwanji? Mu Settings, pa Wi-Fi yanu, chongani Metered connection, kenako mu Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, lembani sudo snap set system refresh.metered=hold. Mukalemba lamuloli osachonga kabokosi kaja, pa MiFi sizigwira, poti kompyuta siyidziwa kuti intanetiyo ndi yogula pang'onopang'ono. Mukafuna kutsekeratu, lamulo lake ndi sudo snap refresh --hold, koma mukatero kumbukirani kumapanga nokha ma update nthawi zina, apo ayi Firefox ikalamba ndi mabowo ake a chitetezo. Onjezaninso kuti Ubuntu imatsitsa yokha ma update a chitetezo kudzera pa unattended-upgrades.

Mint anatsekera snap kunja kuyambira Mint 20, m'chaka cha 2020. Update Manager yake imangoonetsa kachishango pakona ya pansi, nkukuuzani kukula kwa zomwe zikudikira, ndipo siyitsitsa mpaka mutadina nokha. Mutha kudikira tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi ya kuntchito. Pa chifukwa ichi chokha, kwa wogula bandulo ya tsiku, mlandu watha.

Maonekedwe: Mint ili ngati Windows, menyu pansi kumanzere, Ubuntu ili ndi mzere wa zithunzi m'mbali, masiku awiri mwazolowera.

Pa RAM, Ubuntu 24.04 imafuna 4 GB, ndipo pa 4 GB yeniyeniyo imapuma movutikira mukatsegula matabu ambiri. Mint ya Xfce, mtundu wake wopepuka, imadzuka ngakhale pa 2 GB. M'kutentha kwa Novembala kuno kunyanja, fani ya laputopu yakale imathokoza ikapepukidwa katundu. Makina a 32-bit onse awiri anawasiya.

Wosindikiza makalata ndi ma CV adziwe kuti Mint imabwera ndi LibreOffice, yogwira ntchito ngati Microsoft Office, pomwe pa Ubuntu 24.04 muyenera kusankha Extended selection poika, mukapanda kutero mupeza mulibe. Pa onse awiri Times New Roman ndi Arial mulibe. Mukawafuna mafonti amenewa, ikani ttf-mscorefonts-installer. Ma printer a HP ambiri amagwira msanga, koma Canon LBP2900 imafuna driver ya CAPT yomwe ndi mutu waukulu pa onse awiri.

Chabwino cha Ubuntu nchakuti malangizo ambiri pa intaneti analembera iyoyo. Komabe ochuluka amagwiranso pa Mint.

Poika, tengani fulashi ya 8 GB, lembanipo ISO ndi Rufus kapena balenaEtcher, nkudina F9 pa HP kapena F12 pa Dell ndi Lenovo ikamayaka. Musathamangire Install. Yesani kaye Wi-Fi, mawu ndi kiyibodi muli pa fulashi pomwepo. Wi-Fi ikapanda kuoneka, nthawi zambiri ndi kadi ya Broadcom: lumikizani foni ndi chingwe, yatsani USB tethering kuti laputopu igwiritse ntchito intaneti ya foni, kenako tsegulani Driver Manager pa Mint kapena Additional Drivers pa Ubuntu. Disiki ikapanda kuoneka, lowani mu BIOS, menyu ya kompyuta ikamayaka, musinthe kalumikizidwe ka disiki kuchoka pa RST kukhala AHCI, koma ngati mukusunga Windows pambali, kusinthaku kungailepheretse kuyaka. Zithunzi ndi zikalata zikoperenitu kwina, ndipo ngati batire inafa kalekale musayambe tsiku lomwe magetsi akuthimathima, chifukwa akazima disiki ikugawidwa mutha kutaya zonse.