Shopu yopulintira ya ku Luwinga imene inandikonzera fayilo ya ntchito zanga

Amene mukumaliza digiri ya za malaibulale pa Mzuni (Yunivesite ya Mzuzu) ndipo mukufuna kusonkhanitsa ntchito zanu m'fayilo imodzi yokaonetsa pofunsira ntchito, pali kashopu kena ku Luwinga kopulinta, kupanga fotokope ndi kumanga mabuku komwe ndingakuuzeni kuti mupiteko. Dzina sinditchula poti pali zina zomwe ndidandaule, koma ubwino wake ukuposa zofookazo.

Fayilo yanga inali ndi zinthu zosiyanasiyana: lipoti la atachimenti, zithunzi za mabuku omwe ndinalowetsa mu Koha (pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera laibulale), tsamba losonyeza mmene ndinaperekera manambala a Dewey osanjira mabuku pa mashelefu, ndondomeko yophunzitsira ana a sekondale kufufuza nkhani pa intaneti, ndi pepala langa lokhudza kuteteza laibulale ku ngozi. Pepala limenelo ndimalinyadira, chifukwa aliyense wa pa Mzuni amadziwa mmene moto wa mu Disembala 2015 unawonongera laibulale yathu.

Ine ndinapita ndi maganizo oti andimangire chikuto cholimba chokhala ndi zilembo zagolide, monga amachitira ndi disateshoni. Amayi amene amayendetsa shopuyo anakana, ngakhale kuti apo ndi pomwe akanapeza ndalama zambiri. Anandifunsa kuti ndikamata masamba onse ndi guluu, setifiketi yomwe ndidzapeze chaka chamawa ndidzaiika pati. Anandigulitsa fayilo yazitsulo zotseguka, timatumba tapulasitiki ndi timakatoni tamitundu tolekanitsa zigawo. Ankanena zoona amayiwo. Disateshoni imatha, koma fayilo ya ntchito imakula, ndipo zimene ungaonetse ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko lino ku Zomba, si zomwezo zimene ungaonetse ku laibulale ya sukulu kapena ku National Library Service, bungwe loyendetsa malaibulale a anthu onse. Umachotsa china, nkuikapo china.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kusamala kwawo. Tsamba la MARC 21, njira yolembera zokhudza buku m'kompyuta pa mizere yokhala ndi manambala, ndi losachedwa kusokonekera. Pa 100 pamakhala wolemba, pa 245 mutu wa buku, pa 650 nkhani yake, ndipo tizizindikiro ta pa mizereyi tikangosuntha pang'ono, wodziwa ntchito amaona msanga kuti apa palakwika. Kompyuta ya pa shopupo itatsegula fayilo yanga ya Word, matebulo anabalalika. Mnyamata wopulinta sanangodina batani ayi. Anandiitana kuti ndione kaye, popeza nambala ya Dewey ya 968.97, ya mbiri ya Malawi, inali itagwera pa mzere wa buku lina. Tinasintha zonse kukhala PDF ndiye nkupulinta. Inu mudzapite ndi PDF kuchokera kunyumba.

Tsopano zodandaula. Makina awo opulinta zamitundu ndi otopa. Zithunzi za Koha zinatuluka ndi mizere yotuwa, moti zina tinangozipulinta zakuda ndi zoyera, ndipo zinaoneka bwino kuposa zamitunduzo. Jenereta alibe, choncho magetsi akazima mumangokhala pa benchi kudikira. Nyengo yopereka madisateshoni ikafika, mzere umafika panja, ndiye muzilawirira m'mamawa. Fulashi yanu musaibaye pa kompyuta yawo, kompyutayo ili ndi mavairasi. Yanga inabwerako mafoda onse atabisika. Ndi bwino kutumiza pa WhatsApp, koma mutumize ngati dokumenti, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi chimafika chitafooka, zilembo zing'onozing'ono osawerengeka.

Kusikana amasikana bwino. Kalata yondiyamikira yochokera komwe ndinachita atachimenti inatuluka chidindo chikuoneka bwinobwino, ndipo anandipatsanso makope onse pa imelo osandilipiritsa kanthu. Mitengo ndi yokwererapo pang'ono poyerekeza ndi ena oyandikana nawo, makamaka timatumba tapulasiti tija, tomwe mungathe kugula totchipa m'tauni nkubwera nato. Amayiwo sakwiya nazo.

Chimodzi chokha chomwe sangakuchitireni ndi kulemba ndime zofotokoza chifukwa chimene mwaikira ntchito iliyonse ndi zomwe munaphunzirapo. Ndinaona mnzathu wina akupempha mnyamata uja kuti amupezere zoterezi pa intaneti, amayiwo nkumubweza kuti akalembe yekha abwere mawa.