Eriyo yamagetsi ya pa galimoto: mmene yagwirira ntchito chiikonzereni

Kumayambiriro kwa chilimwe chathachi ndinachotsa ndi kukonza eriyo yamagetsi ya pa Toyota Camry yanga ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo popeza yadutsa m'fumbi la Okutobala ndiponso m'mvula ya dzinja lonse la kuno ku Chipata, tsopano ndikhoza kunena za ntchitoyo ndili ndi umboni.

Vuto linali lakuti ndikatsegula wailesi, mota inkalira kumbuyo kwa galimoto koma ndodo ya eriyo sinkakwera. M'kati mwa ndodoyo muli chingwe cha nayiloni chokhala ndi mano, chimene giya ya mota imakankha pokweza ndi kukoka potsitsa, n'kuchikulunga m'kabokosi kozungulira. Mota ikamalira koma ndodo osasuntha, kawirikawiri chingwecho chimakhala chitaduka kapena mano ake atatha. Ikangoti zii m'pamene munthu ayenera kuyang'ana fiyuzi ndi mawaya atatu, wobweretsa magetsi a 12V kuchokera ku batire, womangidwa ku chitsulo cha galimoto, ndi wochokera ku wailesi umene umauza mota kuti iyambe.

Amakanika ambiri amangomasula nati ya pamwamba, kusolola ndodo yakale ndi kulowetsa yatsopano. Ine ndinachotsa chipangizo chonse kudzera m'buti, ndipo ndikuona kuti eriyoyi yakhalitsa chifukwa cha zimenezi. Nditatsegula kabokosi kaja ndinapezamo chidutswa cha chingwe chakale chitatsalira, girisi wouma wosakanikirana ndi fumbi lofiira, komanso kapaipi kotayira madzi ka pansi katatsekeka ndi matope, moti madzi a mvula otsetsereka ndi ndodo ankangokhazikika momwemo. Chidutswa chija chikanapinga chingwe chatsopano ndi kuchidyetsa mano pasanapite nthawi. Ndinatsuka zonse, ndinapaka girisi pang'ono pa magiya okha, ndipo nditalozetsa mano a chingwe ku mbali ya giya ndinazimitsa wailesi kuti mota ikoke yokha.

Kuyambira pamenepo ndodo imakwera ndi kutsika popanda kukakamira, ndipo nditasuzumira m'buti mvula ya Febuluwale itatha, ndinapeza pouma. Chimene chandigwiritsa ntchito ndi fumbi. Ndikabwera kuchokera ku midzi ya ku Chadiza, chigawo chomaliza cha ndodo chimatsalira kunja pafupifupi utali wa chala, ndipo mota imalira nthawi yotalikirapo isanaleke. Ndimangoikweza yonse n'kuipukuta ndi kansalu konyowa, basi vuto limatha. Pa ndodopo sindipaka girisi kapena oilo, chifukwa m'misewu yathu mafuta amakola fumbi, ndipo fumbilo limalowa m'kati pamodzi ndi ndodo. M'tinjira todutsa pansi pa mitengo ya mango ndimazimitsa wailesi kuti eriyo itsike, pakuti ndodo ikangopindika ngakhale pang'ono mota imavutika kuikoka, ndipo anyamata otsuka galimoto ndimawauziratu kuti asaikankhe ndi dzanja.

Breeze FM ndi Radio Maria zimamveka bwino m'tauni ndiponso pa msewu wa Great East popita ku Katete, kupatula malo ochepa amene mapiri amatchinga. Komabe eriyo siyenera kunamiziridwa milandu yonse. Mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ku Japan amagwira FM ya 76 mpaka 90 MHz yokha, pamene kuno masiteshoni amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, choncho popanda kachipangizo kotchedwa band expander, ngakhale eriyo yatsopano singabweretse masiteshoni a pamwambawo.

Ndodo imene ndinagula si ya Toyota, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala poyerekeza ndi yakale, kotero sindikuyembekeza kuti idzafika zaka zimene inzake inafika. Kwa munthu amene galimoto yake imakhalira kuyenda m'misewu yafumbi ya kumidzi, ndingamulangize kuika eriyo wamba yosatsika. Kwa ine amene maulendo ambiri ndi a pa phula, ndodo ikadzatha ndidzagula ina, chifukwa mota ija idakali yamphamvu.