Nyenyezi zitatu: ma shelf ndi abwino, othandiza makasitomala ndiye ayi

EQ iyi, pulogalamu yokwezera kapena kutsitsira mbali zina za mawu a nyimbo, ndinaigula chifukwa cha ma shelf ake (okweza kapena kutsitsa mawu onse apansi kapena apamwamba pamodzi) amene aliyense amawatama, koma sabata yoyamba yomwe ndinatsala pang'ono kuifufuta m'kompyuta.

Ndinkamalizitsa nyimbo ya munthu, besi ikumveka yowonda. Ndinaika low shelf, ya mawu apansi, pa 100 Hz (Hz ndi muyezo wa frequency, kutsika kapena kukwera kwa liwu) pa nyimbo yonse n'kukweza ndi 6 dB (muyezo wa mphamvu ya mawu). Besi inanenepadi, koma woimba anayamba kumveka ngati akuimbira mumgolo. Ndinachezera usiku wonse ndikupotokola apa ndi apo, uku mwini nyimbo akungoimba foni. Kutacha ndinawalembera othandiza makasitomala, n'kutumiza ndi chithunzi chomwe. Anatha masiku asanu ali zii, kenako yankho la mzere umodzi: werengani buku la malangizo. Buku lake liti? Lomwe silinena n'komwe kuti nambala ya frequency ikuimira pati! Ameneyo anandiyankhayo sindinamukhululukirebe.

Anandimasula ndi mnzanga wina amene anangotsegula analyser, chida choonetsa ma frequency pa chithunzi, n'kundiuza kuti ndiyang'anitsitse. Shelf si khoma ayi, imakwera ngati chitunda. M'pulogalamu iyi 100 Hz ija ndi pakatikati pa chitundacho, pomwe pakwera 3 dB yokha. 6 dB yonse imakwanira m'munsi, ndipo cha ku 200 Hz kumakhala kutayamba kale kukwera, komwe mawu aamuna amachita matope. Tinatsitsira ku 60 Hz, kukweza 3 dB basi, n'kuwonjezera Q (yosintha kutsetsereka kwa chitundacho) pang'ono mpaka kachigwa kanaoneka pamwamba pa shelf. Besi inakhala mmalo mwake, woimba n'kutuluka mumgolo muja. Apa ndivomere, cholakwa china chinali changa.

High shelf yake ndiye ndilibe nayo mawu. Ndikakweza 2 dB pa 10 kHz, mawu amawala osabaya m'makutu, kungoti "s" naye amakwera, choncho de-esser, yochepetsa "s" uja, ikhale pafupi. Ndasiyanso kudula chilichonse ndi low cut, yochotsa mawu apansi. Pa gitala ndimangotsitsa low shelf ndi 4 dB, thupi lake limatsala, pamene low cut imapitirira kudya mpaka pansi.

Linear phase yake (njira yosasokoneza nthawi ya mafunde a mawu) imachedwetsa mawu moti sungajambule nayo, ndimaiyatsa pomaliza pokha. Nyenyezi ziwiri ndachotsazo ndi za masiku asanu aja ndi buku lija.