Kaburashi ka trombone kanaumitsa MX-5 yanga

M'sitolo ina yogulitsa zida zoimbira kuno ku Leeds ndinalowa ndi thalauza lonyowa kumbuyo, ngati mwana amene wachita ngozi m'kalasi. Bambo wa imvi amene anali pakauntala anandifunsa kuti ndimaimba chida chanji. Ndinati sindiimba chilichonse, ndangobwera kudzagula burashi yotsukira m'kati mwa trombone. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuseka. "Muli ndi Mazda MX-5, eti bwana?" Ndiye kuti sindinali woyamba. Ndinalipira ndalama zosakwana mapaundi 10, n'kutuluka ndi kanthu kopindidwa m'kapepala ka pulasitiki.

Trombone ndi lipenga lija lalitali limene woimba amalikoka ndi kulikankha, lomwe ena munaliona mu bandi ya apolisi pa zikondwerero za 6 July. Burashi yake ndi waya wofewa, wautali kupitirira mita imodzi, wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo kunsonga zonse ziwiri kuli timaubweya tolimba. Basi. Palibe batire, palibe buku la malangizo. Koma pa zonse zimene ndagulira galimoto yanga kuchokera mu 2019, kanthu kameneka ndi kamene kagwira ntchito yaikulu.

Galimotoyo ndi MX-5 yofiira ya 1996, ya injini ya 1.8, mtundu woyamba uja wa nyali zotuluka m'boneti ngati maso a chule. Mazda anaionetsa koyamba ku Chicago mu February 1989, ndipo pofika mu 2016 anali atapanga 1 miliyoni. Ku America amaitcha Miata, ku Japan inkatchedwa Eunos Roadster. Ili ndi mipando iwiri yokha, denga lake ndi la tenti lopinda, ndipo ndi yopepuka, pafupifupi tani imodzi. Mayi a kunyumba ataiona tsiku loyamba anangoti, "Abambo, ndalama zonsezi mwagula galimoto yoti ngakhale thumba la chimanga silingakwane?" Sindinawayankhe. Walira mvula walira matope, ndipo munthu wogula galimoto ya denga la nsalu m'dziko la mvula ngati lino alibe woti amudandaulire.

Vuto linayamba kuoneka mu November. Kuno nyengo yozizira imabwera ndi kamvula kowaza kosatha. Amene munakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje ganizirani chiperoni, koma chiperoni cha miyezi inayi, chopanda tsiku loti muyanike zovala. M'mawa uliwonse magalasi ankachita nkhungu m'kati, osati kunja. Kenako kunabwera kafungo kaja ka bulangete losauma. Nditaika dzanja kuseri kwa mpando wanga, kapeti inali khathikhathi. Choopsa kwambiri ndinachimva pa roundabout ina: nditakhota, m'munsi mwa chitseko munamveka khuvu, madzi kuyenda uku ndi uku ngati uli ndi chigubu m'galimoto.

Ndinachita zimene aliyense wokulira m'nyumba ya malata akale angachite. Ndinayang'ana kumwamba. Kwathu denga likadontha umakwera, kupeza bowo la msomali, kumata phula. Ndiye ndinagula silikoni n'kupaka m'mbali mwa galasi la kumbuyo, lomwe pa mtundu uwu ndi la pulasitiki lokhala ndi zipi. Sizinathandize, ndinangoipitsa tenti, ndipo zipsera zake zilipo mpaka lero. Galaja ina, imene sinditchula dzina, makaniko wake sanawerame n'komwe kuti ayang'ane pansi. Anangogogoda denga ndi chala n'kunena kuti latha, pakufunika latsopano, n'kutchula mtengo woti ukanandilipirira theka la tikiti ya ndege yopita ku Chileka.

Denga linalibe mlandu. Denga la MX-5 analipanga kuti madzi azitsetsereka kupita kumbuyo, n'kugwera m'kangalande ka pulasitiki kobisika m'munsi mwa tenti, kuzungulira kumbuyo kwa mipando. Kangalande kameneko kamatumiza madzi m'timabowo tiwiri, kamodzi mbali iliyonse, pafupi ndi pamene pamachokera lamba wa pampando. Kuchokera pamenepo kapaipi kamatsika n'kukatayira madzi pansi, kutsogolo kwa tayala la kumbuyo. Ndiye madzi amalowadi m'thupi la galimoto, mwadala, n'kutuluka. Tsono masamba, fumbi ndi ndere zikatseka timapaipi timeneti, madzi amasefukira pa kapeti, ena n'kulowa m'chitsulo chamkati chobowoka chija cha m'munsi mwa chitseko, chimene kuno amati sill. M'menemo ndi mmene dzimbiri limadyera galimotozi kuchokera m'kati, penti kunja ikuwala bwinobwino. Ndipo pa MOT, mayeso a chaka ndi chaka a galimoto kuno, dzimbiri lofooketsa chitsulo pa mtunda wosapitirira masentimita 30 kuchokera pomangira lamba kapena sasipenshoni limagwetsa galimoto. Ambiri a MX-5 akale amathera kwa owotcherera kapena ku sikirapu chifukwa cha masamba odzaza dzanja limodzi.

Tsiku limene ndinagwiritsa ntchito burashiyi linali Loweruka, kukuzizira koti zala kuchita dzanzi. Ndinatsegula denga theka, n'kugwada pampando kuyang'ana kumbuyo, tochi ndili nayo kukamwa. Kabowoko sikaoneka msanga. Umafunika kusuntha kapeti pang'ono ndi kupapasa ndi chala pakona, mpaka umve kadzenje. Mbali ya dalaivala ndinapeza kadziwe, madzi akuda atangoti ndaa pamwamba pa bowo. Ndinalowetsa nsonga ya burashi. Inayenda pang'ono n'kuima. Apa m'pamene waya wa trombone amasiyana ndi waya woyanikira malaya umene ndinkafuna kugwiritsa ntchito poyamba: uyu amapindika motsatira paipi, sabaya. Waya wouma akhoza kuboola kapaipiko kapena kukasolola pamalo pake, ndipo kukabwezeretsa ndi ntchito yoti mungatukwane. Ndinapotoza pang'onopang'ono, kukankha, kupotoza, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako ndinamva phwa, ndipo pansi pa galimoto panagwa chimatope chakuda chonunkha ngati ngalande ya mu msika wa Limbe, kutsatiridwa ndi madzi amene anayenda mpaka pageti. Ndinathira botolo la madzi ofunda pamwamba, onse anatulukira pansi nthawi yomweyo. Mbali inayo sinavute.

Pali chinthu chimodzi choti musamale, ndipo ine ndinachiphunzira ndi mtima uli m'mwamba. Chakumunsi kwa kapaipiko kuli kachitseko ka labala kotsegukira pansi, koletsa phokoso ndi madzi a mumsewu kukwera. Burashi ikadutsa pamenepo, musaikokere m'mwamba. Ine ndinakoka, maubweya anakodwa pa kachitsekoko, ndipo kwa mphindi zingapo burashi sinkapita kumwamba kapena pansi. Njira yake ndi kuikankha mpaka nsonga itulukire pansi pa galimoto, kugona pansipo, n'kuisolola yonse kuchokera kumunsi. Zikutanthauza kuti utali ndi wofunika, musagule yaifupi ya trumpet. Musanagule, gwedezaninso kamutu ka maubweya muone ngati kamangidwa molimba, chifukwa kakadukira m'kati ndiye mwatseka paipi ndi manja anu. Yanga patapita zaka pulasitiki yake yayamba kusendeka penapake ndipo waya wachita kadzimbiri, koma pa mtengo umenewo sindingadandaule. Ndimaipititsa kamodzi mu October masamba akayamba kuyoyoka, kenanso mu March.

Madzi a mu sill aja anatuluka nditatokosa ndi kasikuludiraiva timipata ta pansi, m'mphepete mwa chitsulo pafupi ndi poikira jeke. Kapeti inatenga sabata kuti iume, nditaitukula n'kuika mataulo pansi pake.

Ndisakunamizeni kuti burashi imachiza zonse. M'buti munkalowabe madzi, ndipo pa mtundu uwu batire limakhala m'buti momwemo, ndiye si malo oti muzisungamo dziwe. Kumeneko olakwa anali timasiponji totchinga kuseri kwa nyali za kumbuyo, titaphwanyika ndi ukalamba. Ndinagula tatsopano, ntchito ya theka la ola. Malabala a m'mbali mwa magalasi ndinawapaka Gummi Pflege, mankhwala a ku Germany ofewetsa labala, amene amathandizanso kuti chitseko chisamatirire kukachita chisanu. Ndipo panali kudontha kwina kosakhudza mvula: oyilo kuseri kwa injini. Pamenepo pali sensa ya camshaft, kachipangizo kothandiza pa taimingi ya injini, yokhala ndi kamphete ka labala, kamene kakauma oyilo amadonthera pa mapaipi a hita amene ali pansi pake. Oyilo amafewetsa mapaipiwo, tsiku lina amaphulika uli pakati pa ulendo. Kamphete kake ndi kotchipa kwambiri, koma malo ake ndi opanikiza, ndinasiyapo khungu la zala. Lembani chizindikiro pamene sensayo inali musanaimasule, apo ayi mudzasokoneza taimingi.

Zonsezi ndinkazichitira ulendo umene ndinaulakalaka kwa nthawi yaitali, wopita ku Scotland pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Anzanga ku tchalitchi anati ndapenga, galimoto ngati imeneyo ndi ya mu June. Ine ndimaona mosiyana. Hita ya MX-5 ndi yamphamvu ndipo kachipinda kake n'kakang'ono, ndiye mphindi zochepa chabe mapazi amafunda. Chimene chimafuna ulemu ndi msewu: mphamvu imapita ku matayala a kumbuyo, kumbuyoko n'kopepuka, ndipo pa ayezi imatembenuka osakuchenjeza. Ndinaika matayala a nyengo yozizira onse anayi. Katundu wathu anali zikwama ziwiri zofewa, fulasiki ya tiyi ndi mandasi amene mayi anakazinga usiku, omwe anakhala pamiyendo pawo ulendo wonse poti m'buti munali mutadzaza.

Tinadutsa msewu wa A66 kuwoloka mapiri a Pennines, n'kulowa M6 pa Penrith. Mvula inatipeza titangodutsa Gretna ndipo sinatisiye mpaka pa Beattock, yamphamvu, mathiraki akutimwaza madzi ofika padenga popeza galimotoyi ndi yaifupi kwambiri. Kangapo konse ndinkapititsa dzanja kuseri kwa mpando kukhudza kapeti. "Abambo, gwirani chiwongolero ndi manja awiri," anatero mayi, "kapetiyo ndikhudza ndine." Anakhudza. Inali youma.

Tinaima ku Blantyre. Inde, Blantyre weniweni, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde pafupi ndi Glasgow, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, m'chipinda chimodzi cha nyumba ya ogwira ntchito pa fakitale ya thonje yotchedwa Shuttle Row. Mzinda wathu uja unatengera dzina kumeneko pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikika mu 1876. Nyumbayo ndi yoyera, yosanjikizana, ndipo panja pali chiboliboli cha mkango ukumugwira Livingstone paphewa. Mayi anaima pachikwangwani cha dzina la tauniyo n'kujambulitsa, chithunzi n'kutumiza kwa achemwali awo ku Chilomoni ndi mawu oti tafika, tikonzereni nsima.

Tsiku lotsatira ndi limene sindidzaliiwala. Msewu wa A82 umatsata gombe la Loch Lomond, wopapatiza ndi wokhotakhota chakumpoto kwake, kenako umakwera kudutsa Crianlarich ndi Tyndrum. Pa Tyndrum tinathira petulo n'kumwa supu pa Green Welly Stop, ndipo mvula inali itasanduka sinowo wopyapyala. Kupitirira Bridge of Orchy msewu umakwera kukafika pa Rannoch Moor, chidambo chachikulu chopanda mudzi, chopanda mtengo, timadziwe touma ndi ayezi mbali zonse, mizati yoonetsa malire a msewu itandandalika m'mphepete. Kumeneko mitambo inang'ambika, dzuwa n'kutuluka, dziko lonse kuyera mbee. Ndinaima pambali, kumasula zogwirira ziwiri za denga, n'kuliponyera kumbuyo ndi dzanja limodzi. Mayi anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anakokera chipewa m'makutu, kudzikulunga chitenje pamwamba pa jekete, hita ili pamapeto. Tinatsetsereka choncho kulowa Glencoe, phiri la Buachaille Etive Mòr litaima kumanzere ngati mlonda, mphepo ikudutsa pamwamba pa mitu yathu, mapazi akutentha. Sanayankhule kwa mphindi khumi. Kenako anati, "Zikukhala ngati potsika ku Ku Chawe, koma wina atatsegula firiji." Pamenepo ndinadziwa kuti galimoto yakhululukidwa.

Masiku amenewo kumada 4 koloko isanakwane, ndiye sitinachedwe. Pobwerera ku Leeds galimoto inali itayera ndi mchere umene amawaza m'misewu kuti ayezi asungunuke, ndipo mchere umenewo ndi mnzake wa dzimbiri. Ndisanalowe m'nyumba ndinaitsuka kunsi ndi paipi, m'matayala ndi m'munsi mwa zitseko, kenako n'kuthira botolo la madzi pakona iliyonse ya denga. Ndinawerama kuyang'ana kutsogolo kwa tayala la kumbuyo, madzi anali kutsika oyera, mbali zonse ziwiri. Burashi ndinaipinda n'kuibwezera m'thumba la kuseri kwa mpando, pamodzi ndi tochi ndi mandasi awiri amene anatsala.