Mfuti yatsopano kapena kusintha mpope wa yakale?

Anzanga a kuno ku Chipata amene mumasaka ku Lupande ndi laisensi, nkhani iyi tiione bwino. Mfuti yatsopano, tinene ya kampani ya CZ ya zipolopolo za saizi ya .30-06, ubwino wake ngwakuti ukagula wagula, ikulasa bwino, palibe zodikira. Koma mtengo abale, kuwonjezapo mapepala a ku polisi, thumba limalira.

Tsopano yakale ija. Ma Brno ndi ma Mauser akale chitsulo chake ncholimba zedi, chimene chimatha ndi mpope chabe, paipi imene chipolopolo chimadutsamo, mizere yam'kati imene imazungulitsa chipolopolo imadyeka ndi moto komanso dzimbiri la nthawi ya mvula, ndiye mfuti imayamba kumwaza, mphala uilase pa phewa chipolopolo chikagwera pamimba, nyama nkumavutika m'thengo, zimenezo zimandiwawa mtima. Ukaika mpope watsopano imabwerera mwakale. Vuto ndi mmisiri, si ntchito ya wowotcherera mageti iyi, mpope ukapanda kukhala bwino ndi bolt, chitsulo chimene chimatsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, mfuti itha kukuphulikira kumaso, ndipo musanasinthe kalikonse apolisi adziwe kaye.

Ine ngati bolt ili bwino ndipo mmisiri wodalirika wapezeka, ndisintha mpope. Akasowa, ndigula yatsopano basi.