Amisiri omanga khonde la matabwa ku Harare: luso lawo lili pa thabwa la m'mphepete

Kagulu ka amisiri kamene kanamanga khonde la matabwa kuseri kwa nyumba yathu ku Waterfalls, dera la mu Harare, ndimakayamikira makamaka chifukwa cha thabwa limodzi limene eninyumba ambiri salifunsa n'komwe akamakambirana za mtengo. Limeneli ndi thabwa lotsekera m'mphepete, rim joist, limene limakhomedwa chopingasa kumapeto kwa mitanda yonse yonyamula matabwa opondapo. Nyumba zambiri mu Harare muno ndi za njerwa ndipo pansi pake ndi pa konkire, choncho amisiri odziwa simenti ndi ochuluka, koma odziwa kulumikiza mitanda kuti inyamule anthu kwa zaka zambiri ndi osowa.

Mtsogoleri wa kaguluka ndi bambo wachikulire wa ku Mufakose, amene agogo ake anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, ndipo Chichewa chake n'chomveka bwino ngakhale chimasakanikira ndi Chishona. Pa koteshoni yake analemba matabwa a paini a 38 x 152 mm a mitanda, yotalikirana 400 mm, koma m'mphepete analembapo matabwa awiri ophatikizana. Nditafunsa ngati limodzi silingakwane, anayankha modekha kuti: "Bambo, limodzi litha kukwana lero, koma adzukulu anu akayamba kutsamira chotchinga cha m'mbali mwa khondeli, mudzandiitananso."

Kulongosola kwake kunali kogwira mtima. Mtanda umene waimikidwa cham'mbali umafuna kupendekeka kapena kupotoka ukalemedwa, makamaka paini wa ku Nyanga ndi ku Chimanimani amene nthawi zina amafika kwa ogulitsa asanaumitsitse. Thabwa la m'mphepete limagwira mitu ya mitanda yonse pamodzi ngati mmene mkombero umagwirira lichero, kotero kuti palibe mtanda umene ungasunthe pawokha. Limaphimbanso malo odulidwa a mitandayo, amene amamwa madzi msanga kuposa mbali zina zonse za thabwa, ndipo aliyense wodziwa mvula ya kuno, yoyamba mu Novembala n'kulekeza mu Malichi, angamvetse kuti kuwola kumayambira pamenepo. M'makabini a matabwa amene adzaza kuseri kwa nyumba zambiri mumzinda uno, thabwa lomweli ndi limene limasenza khoma ndi denga n'kupereka kulemera konseko ku maziko, ndipo kabini ikayamba kutitimira ngodya imodzi kapena chitseko chikayamba kukana kutsekeka, kawirikawiri vuto limakhala kuti thabwalo linali lopyapyala kapena chiswe chinalipeza.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi malumikizidwe awo. Msomali wokhomedwa kulowa kumutu kwa mtanda sugwira mwamphamvu, chifukwa umayenda motsatira mitsempha ya thabwa ndipo umazuka mosavuta, choncho iwo anaika zitsulo zokolekera mtanda uliwonse, n'kukhoma msomali pa bowo lililonse la chitsulocho osadumphapo. Nsanamira za chotchinga, zotalika mita imodzi kuchokera popondapo, anazimanga ndi mabawuti a 12 mm oboola matabwa onse awiri, ndipo kumbuyo kwa nsanamira iliyonse anaikako chidutswa cholimbitsa pakati pa mitanda. Munthu akatsamira pamwamba pa nsanamira yotero, mphamvu imene imafika m'munsi imachuluka kangapo, ndipo popanda chidutswa chija thabwa la m'mphepete limayamba kupatukana ndi mitanda pang'onopang'ono. Ndinaona mnyamata wawo wamng'ono akukoka chingwe kuchokera ngodya ina kufika ina, n'kumasenda ndi pulena mutu wa mtanda umene unatulukira pang'ono, kufikira chingwecho chitakhudza mitanda yonse mofanana. Pamwamba pa matabwa awiri ophatikizana aja anamatapo tepi ya phula kuti madzi asamalowe mumpata wa pakati pake.

Matabwa onse anali onyikidwa m'mankhwala a CCA oteteza matabwa ku chiswe ndi kuwola, aja obiriwira pang'ono, a mlingo wa H3 pa zonse zokhala pamwamba ndi H4 pa mizati yolowa m'nthaka. Misomali ndi mabawuti zinali zokutidwa ndi zinki, popeza kopa wa m'mankhwalawa amadya chitsulo wamba. Bambo aja anachenjezanso apabanja panga kuti zidutswa zotsala asazisonkhere moto, ngakhale magetsi atazima tsiku lonse, chifukwa utsi ndi phulusa lake zimakhala ndi poizoni wa arsenic. Chenjezo limeneli ogulitsa matabwa ambiri salitchula.

Zolakwika ziliponso. Kusunga nthawi si mbali yawo yamphamvu: ntchito imene analonjeza kuti itha msanga inakokeka chifukwa ankagwira malo awiri nthawi imodzi, ndipo foni ya mtsogoleriyo m'mawa siyankhidwa. Chachikulu n'chakuti anyamatawo, akadula thabwa, ankaiwala kupaka mankhwala pamalo odulidwapo, pamene mankhwala a kufakitale salowa mokwanira mpaka pakati pa thabwa lochindikala. Mtsogoleriyo atazindikira anawauza kuti amasule mbali imodzi yonse n'kupaka, zimene anachita popanda kuwonjezera mtengo, koma zikusonyeza kuti iye akachokapo pamafunika diso la mwininyumba. Utuchi ndi timisomali anazisiya mu kapinga.

Mtengo wawo unali wokwera poyerekeza ndi makoteshoni ena amene ndinalandira, ndipo nditawaunika bwino ndinapeza kuti kusiyanako kunali pa zitsulo zokolekera, mabawuti ndi thabwa lachiwiri la m'mphepete, zimene enawo sanalembe n'komwe. Amafuna theka la ndalama ntchito isanayambe, m'madola a ku America, ndipo matabwa amalola kuti mwininyumba akasankhe nawo kwa ogulitsa. Amene akufuna khonde lokwera kapena kabini yogonamo angawalembe ntchito mosakayika, bola agwirizane nawo tsiku lomaliza polemba, ndiponso apemphe kuona mafelemu onse matabwa opondapo asanakhomedwe.