Kulemba pa Wikipedia ya Chichewa ndi foni wamba

Ndimalemba nkhani pa ny.wikipedia.org ndi foni ya Android yotsika mtengo, ndipo tsambali landisangalatsa chifukwa silifuna zambiri. Chimene silinyengerera ndi chitetezo basi. Kuyambira 2015 Wikipedia imatseguka pa HTTPS pokha, njira yolumikizana ndi tsamba mobisa uthenga, ndipo mu 2020 anasiya kulandira njira zakale zobisira uthengawo, za TLS 1.0 ndi 1.1. N'chifukwa chake mafoni ena akalekale amakana kutsegula tsambali ngakhale bandulo ilimo. Ma cookies, timafayilo tomwe tsamba limasunga mu foni kuti likukumbukireni, nawo asiyeni otsegula, apo ayi simungathe kulowa mu akaunti yanu.

Pankhani ya JavaScript, chiyankhulo cha makompyuta choyendetsa zida za pa tsamba, mpamene ambiri amagwa ulesi msanga. VisualEditor, chida chija chomwe mumalemba n'kumaona nkhani momwe idzaonekere, sichigwira popanda JavaScript. Pa browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti) ya Chrome kapena Firefox yatsopano chimayenda bwino, kungoti chimadya data ndipo netiweki ikafooka chimachedwa kutseguka. Browser ya Opera Mini, yomwe ambiri timaikonda chifukwa chopulumutsa bandulo, imakonzera masamba pa makompyuta a kampani yake isanawatumize ku foni, choncho MediaWiki, pulogalamu yoyendetsa Wikipedia, imaipatsa tsamba lopanda zida zimenezi.

Koma pamenepa mpomwe ndimawayamikira kwambiri anthu oyendetsa Wikipedia. Anasiya njira yakale yolembera ili chitsegukire. Tsamba limabwera ndi bokosi la mawu chabe, inu n'kumaika zizindikiro nokha. Mukalemba [[Zomba]], dzinalo limasanduka ulalo wopita ku nkhani ya Zomba. Mukaika == kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu, mwapanga mutu wa ndime. Madzulo amodzi ndi okwanira kuzolowera, ndipo ine masiku ano ndimakonda njirayi kuposa inayo chifukwa imatseguka ngakhale netiweki ikuvuta. Chilembo cha ŵ chimasungidwa bwinobwino, bola kiyibodi yanu ikhale nacho.

Chovuta ndi matebulo komanso maumboni a nkhani. Pa sikirini yaing'ono zizindikiro zimapiringizana ndi mawu mpaka maso kuwawa, ndipo kufufuta kachizindikiro kamodzi kumasokoneza ndime yonse. Musanasunge, dinani kaye batani loonera momwe nkhani itulukire. Ntchito ya matebulo ndimaisungira tsiku lomwe ndapeza kompyuta.

Kwa mphunzitsi kapena wophunzira wofuna kuwonjezera ndime pa nkhani ya boma lakwawo, foni yomwe ali nayo kale ndi yokwanira, malinga ngati browser yake ndi ya zaka zaposachedwapa.